Makina a Alamu Ochokera ku Joni

Alamu anga atabwerako ku Joni anabwera ndi jekete lachikopa limene sankavula ngakhale mu Okutobala, komanso makina otsegulira mapaipi otsekeka. Anakhala kumeneko zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo katundu wawo yense anali ameneyo. Anzawo amabwera ndi galimoto, ena malata. Iwo anabwera ndi chinthu chotokosera zonyansa za anthu, koma mmene anachitsitsira m'basi pa Nsipe, akukalipira waganyu aliyense amene wachikhudza, mukanati agula ndege.

Ine kwathu ndi ku Bwanje, kuchigwa kotentha kuja, koma ndinakwatira kumtunda kuno, m'mudzi wina woyandikana ndi Nsipe, ndipo ndili pachikamwini. Nyumba ndinamanga ndine, koma dothi limene yakhalapo ndi la akuchikazi. Ntchito yanga ndi ya mapaipi. Ndinaiphunzira kusukulu ya ntchito zamanja, kenako ndinagwira zaka zingapo pakampani ina ku Lilongwe. Munda wangawanga ndilibe, ng'ombe ndilibe. Chimene ndinabwera nacho m'mudzi muno ndi manja awiriwa, ndipo ndi amene amadyetsa ana anga.

Alamuwo ndi achimwene ake a mkazi wanga, mwana wamwamuna yekhayo wa apongozi anga. Bambo awo anamwalira kale, ndiye mwini mbumba ndi iwowo. Akatsokomola, pakhomo ponse amati ayankhula zanzeru.

Kwa amene simunawaonepo, makina amenewa ndi chimgolo chachitsulo chokhala pa mateyala awiri. M'kati mwa mgolomo mumakhala chingwe chachitsulo chachitali, chopotanapotana, chokhuthala ngati chala chachikulu. Mota ikayaka imazunguza mgolo, chingwe chija n'kumazungulira, ndipo munthu amachigwira ndi manja n'kumachikankhira m'paipi pang'onopang'ono mpaka chikaboole chimene chatseka. Chingwecho chikakodwa m'kati mota ikuzungulirabe, chimapotana mwadzidzidzi n'kukulunga chimene chapeza pafupi, kaya ndi chala kaya ndi mkono. Ndiponso munthu amagwira ntchitoyi ataima pamadzi, m'manja muli chitsulo cholumikizana ndi mota ya magetsi. Kukampani kuja kapitawo wathu sankalola kuti makina ayake asanaunikidwe, ngakhale akhale kuti dzulo lomweli agwira bwino ntchito. Ankaima pambali n'kumationerera tikuyang'ana chimodzichimodzi. Nthawi imeneyo tinkamunena kumbali kuti ndi wovuta.

Makina a alamu anakhala miyezi iwiri m'chipinda kwa apongozi, atafunditsidwa bulangete. Ine, pulambala yekhayo pamudzipo, sindinaitanidwe kuti ndikawaone. Ndinangomva fungo la penti tsiku lina ndikudutsa kuseri kwa nyumbayo, ndipo ndinadziuza kuti asiyeni, tsiku lawo lidzafika.

Linafika kudzera m'mafuta a tchipisi. Pa Nsipe pali resitihausi ina ya bambo wachikulire wachisilamu, amene banja lake lilinso ndi mashopu pamsewu pomwepo. Paipi yochokera kukhitchini kwake inatseka ndi mafuta okazingira komanso makoko a mbatata, madzi akuda n'kubwerera mpaka pabwalo lakuseri pamene alendo amadutsa popita kubafa. Alamu atangomva anawongola jekete lawo n'kupita kukalonjeza kuti ntchito imeneyo ndi ya ola limodzi.

Uthenga unandipeza kudzera mwa mkazi wanga. "Achimwene akuti mawa mukawathandize pa Nsipe. Akuti chingwe mukagwire ndinu, poti ndinu odziwa. Iwo azikayang'anira."

Mkamwini sapemphedwa, amangouzidwa. Koma ndisaname, ndinakondwa. Ndinali nditatopa kutsegula mapaipi ndi ndodo ngati munthu wofukula mbewa, ndipo ndinaganiza kuti mwina alamu azindikira tsopano kuti mlongo wawo sanakwatiwe ndi chitsa.

M'mawa mwake ndinakankha makinawo pa wilibala, akadali m'bulangete lawo, alamu akutsogola atavala majombo a mphira atsopano. Ndinadabwa pang'ono kuti woyang'anira akufuniranji majombo pamene wogwira ntchito ali ndi nsapato zake zakalekale, koma ndinaziika m'gulu limodzi ndi jekete lija. Pofika pa resitihausi, nkhani inali itafika kale. Oitanira minibasi anasiya siteji, amayi ogulitsa mbatata ndi tomato anasiyirana mabeseni, onse n'kudzaza pabwalo lakuseri, atatseka mphuno koma osafuna kuchoka. Alamu anayankhula kaye. Anafotokoza za misewu ya ku Joni, za nyumba zosanjikizana, za mmene kumeneko paipi sigonera yotseka. Kenako anavundukula bulangete.

Makinawo anali ofiira psuu. Penti anali paliponse: pamgolo, pamota, pamabawuti, pamateyala, ngakhale pa kachitsulo kamene pamalembedwa mphamvu ya mota. Anthu anati eee. Ine ndinakumbukira chikomekome cha mkuyu, chifukwa munthu sapaka penti wochuluka chonchi pa chinthu chimene alibe nacho chobisa.

Pano ndifotokoze, chifukwa a m'tauni sangamvetse chimene ndinalakwa. Kuno chinthu cha wamkulu sachiunika pamaso pake. Apongozi akakupatsa thobwa sulinunkhiza. Mlamu wamkulu akakubwereka khasu suligwedeza kuti uone ngati lalimba pampini, umalandira ndi manja awiri n'kukaligwedezera kuseri. Kuunika chinthu mwini wake akuona n'kumuuza kuti mwina ndi wabodza, mwina ndi chitsiru. Mwambowu ndi wabwino pa thobwa ndi pa khasu, koma amene anauyambitsa sankadziwa za magetsi. Ndipo pabwalo paja panalibe kuseri, anthu anali atazungulira mbali zonse.

Ndinagwada n'kuyamba ndi nthambo ya magetsi, monga tinaphunzirira. Ndinaitsatira ndi zala kuchokera pamota. Malo awiri inali yomangidwa ndi mphira ya chubu cha njinga. Nditafika kumapeto, pulagi panalibe. Panali mawaya awiri osenda, ndipo wachitatu, wobiriwira uja amene amatenga magetsi otayika n'kupita nawo pansi kuti asapite mwa munthu, anali atadulidwa kuti asasokoneze anzake.

"Alamu, pulagi ili kuti?"

"Mapulagi a ku Joni ndi a mano obulungira, salowa m'masoketi a kuno. Ndinaidula. Timangolowetsa mawaya n'kutsekera ndi machesi. Mukufuna kundiuza kuti simunaonepo?"

Ndinaonapo, inde. Theka la mawailesi a pa Nsipe amalira choncho. Koma wailesi suikumbatira utaima m'madzi.

"Nanga kabokosi kamene kamakhala panthambo apa, ka mabatani awiri?"

Kabokosi kameneko ntchito yake ndi kudula magetsi pakangokhala ena amene akutayikira m'chitsulo kapena m'thupi la munthu. Usanayambe ntchito umadina batani kuti uone ngati kakudula, ndipo kakapanda kudula makinawo suwayatsa.

"Kaja? Kanali kakufa," anatero alamu, akuyang'ana anthu kuti amve nawo. "Ndikayatsa, kakuzimitsa. Ndikayatsanso, kakuzimitsa. Ndinakataya kudzala."

Anthu anaseka kabokosi kopusako. Ine sindinaseke nawo. Kabokosiko sikanali kakufa ayi. Pamakina onsewo ndi kokhako kamene kankanena zoona, ndipo kanachotsedwa ntchito chifukwa cha chomwecho.

Ndinapita pa chopondera. Chimenechi ndi kampira kakuda kokhala pansi, kolumikizidwa kumakina ndi kapaipi ka mpweya. Ukaponda makina amazungulira, ukachotsa phazi amaima, ndipo chingwe chikapotana ndi chokhacho chimene chimapulumutsa dzanja, poti manja onse awiri amakhala ali pantchito. Kampirako kanalipo, kofiira ngati zonse, koma kapaipi kake kankangothera m'malere. Nditasuzumira m'kati ndinaona kuti mawaya analumikizidwa mwachindunji, kutanthauza kuti magetsi akangolowa makina ayamba kuzungulira, ndipo aima pokhapokha wina akazimitse pakhoma. Alamu anati chopondera n'cha anthu aulesi, chimangotopetsa phazi. Chivindikiro cha lamba nachonso panalibe, lamba ali pamtetete ngati wa chigayo chakumudzi, kudikirira malaya a munthu.

Kenako ndinayamba kusolola chingwe chija m'mgolo, mkono ndi mkono, ndikuchipukuta ndi kansalu. Ntchito imeneyi ndi yochedwa, ndipo anthu anayamba kutopa. Woitanira minibasi wina anati apulambala akuchita opaleshoni. Mayi wina anafunsa mnzake, mokweza kuti ndimve, ngati ndikufufuza mankhwala. Ine ndinapitiriza. Pamalo ena chingwecho chinali chitapindika n'kuwongoledwa ndi hamala. Patsogolo pang'ono ndinapeza pamene chinaduka n'kuwotchereredwa, chibuluma chakuda ngati phula.

"Ndinawotcherera ndine pamenepo!" anafuula bambo wina m'gulumo, amene amawotcherera mafelemu a zitseko pamsewu paja. "Sipangaduke!"

Ananena monyadira, ngati walandira mendulo. Chitsulo cha mtundu umenewu chikaona moto chimauma, ndipo tsiku lina chimathyoka chikuzungulira n'kukwapula amene ali pafupi. Sindinamuyankhe, chifukwa mafelemu ake ndimawadziwa.

"Magolovesi mwabweretsa?" ndinafunsa alamu.

Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa magolovesi a ubweya, ovala kukazizira. Oyenera ndi achikopa chokhuthala, chimene chingwe chimaterera pamwamba pake. A ubweya chingwe chimawaluma n'kuwakoka pamodzi ndi zimene zili m'kati mwake. Ndinawalandira ndi manja awiri, ndinathokoza, n'kuwaika pambali.

Pofika apa nkhope ya alamu inali itatupa. Ankayenda uku ndi uku, majombo akulira, akuuza mwini resitihausi kuti anthu ophunzira pang'ono amavuta choncho. Ine ndinali ndi chinthu chimodzi chotsala. Ndinabwezera chingwe m'mgolo, ndinatulutsa tesita yanga m'thumba, n'kupempha kuti ayatse. Alamu analowetsa mawaya m'soketi ya pakhonde, anatsekera ndi machesi awo, anadina swichi, n'kubwerera m'mbuyo masitepe atatu. Mgolo unayamba kuzungulira ndi phokoso lalikulu, anthu n'kuwomba m'manja. Ndinagunditsa tesita pachitsulo cha makinawo, pamene penti anali atakalika, ndikutchinga dzuwa ndi chikhatho. Kanyali ka m'kati kanayaka.

Ndinaitana mwini resitihausi kuti aone. Anawerama, anayang'ana, n'kufunsa kuti zikutanthauzanji. Ndinamuuza kuti magetsi akutuluka m'mota n'kuyenda m'chitsulo chonse, mpaka m'chingwe chimene ndikuyenera kugwira.

Alamu anasuzumira ali chapatali. "Mukuona? Yayaka! Ndiye kuti moto ulimo wokwanira. Makina a ku Joni ndi amphamvu, si zidole zanu za ku Lilongwe."

Uchitsiru ndinauonapo wambiri pantchito yanga. Ndinaonapo munthu akuthira simenti m'paipi yodontha, ndinaonapo wina akulumikiza paipi ya kuchimbudzi ndi ya kukhitchini kuti asunge ndalama. Koma onsewo ankachita manyazi ukawaonetsa. Alamu uchitsiru wawo ankauveka jekete n'kuuimika pamaso pa anthu kuti auwombere m'manja, ndipo anthu ankauwomberadi. Ndinanyansidwa nawo, ndinanyansidwanso ndi gulu lonse lija, anthu akuluakulu otseka mphuno ndi chitenje n'kumasekerera chinthu chimene chikanatha kupha munthu iwo akuona.

Ndinazimitsa pakhoma, ndinasolola mawaya, n'kunena motsitsa mawu mmene ndikanathera. "Alamu, pepani, koma makinawa sindigwira. Akufunika kukonzedwa kaye."

"Mwati bwanji?"

"Ndati sindigwira."

Alamu anandiyandikira, majombo akulira.

"Inu alamu," anatero, ndipo sanatsitse mawu, "mumadya za m'munda mwa mayi anga. Mumagona padothi la mayi anga. Lero ndikukupatsani mwayi woti mugwire makina amene kwanu ku Bwanje sanawaonepo, ndiye mukundinyoza pamaso pa anthu? Mkamwini asamakule mwendo."

Ena anavomereza ndi mitu. Mwini resitihausi anakweza dzanja. Ndi munthu wosayankhulayankhula, ndipo pa anthu onse amene analipo ndi iye yekha amene ndimamukumbukira mopanda mkwiyo.

"Ana anga, ine ndikufuna paipi itseguke, koma sindikufuna maliro pakhomo panga. Ndiuzeni zoona nonse awiri."

Ndinati ndikhoza kutsegula ndi ndodo, koma zinditengera masiku awiri chifukwa ndiyenera kukumba pakati. Alamu anati masiku awiri ndi a anthu osauka nzeru, iwo anena ola limodzi ndipo likhala ola limodzi. Bamboyo anali ndi alendo ofika madzulo omwewo. Anayang'ana ine, anayang'ana iwo, kenako anati, "Ngati mwini wake akuwakhulupirira makinawa, agwire mwini wakeyo."

Sindidzaiwala nkhope ya alamu. Pakamwa pawo pomwe panali patawakumbira dzenje, ndipo anthu onse aja anali atazungulira kuti awaone akulowamo. Anapempha majumbo awiri, anavala m'manja, n'kuvala magolovesi a ubweya aja pamwamba. Anapempha thabwa louma, ndipo anawabweretsera chitseko chakale n'kuchigoneka pamatope. Anakwerapo ndi majombo awo atsopano. Ndinaona kuti munthu amene amati moto ulimo wokwanira akudziwa bwino kwambiri mmene angauthawire, koma mutu wanga unali wotentha, sindinaganize zambiri.

Ndikanatha kunyamula wilibala yanga n'kumapita. M'malo mwake ndinakaima pakhonde, chala pa swichi, maso pamanja awo. Ndinkawanyoza ndi mtima wonse, koma ndi achimwene ake a mkazi wanga, ndipo chopondera chinalibe ntchito. Woitanira minibasi uja anati apulambala akwezedwa paudindo, tsopano ndi oyang'anira swichi.

Makina anazungulira, chingwe chinalowa. Alamu anachigwira ndi nsonga za zala ngati munthu wogwira mbale yotentha, thukuta likutsika m'khosi mwa jekete, mano ataluma. Kawiri chingwe chinagwedezeka ndipo ndinatsala pang'ono kudina. Chibuluma chowotcherera chija chinadutsa m'manja mwawo n'kulowa m'paipi. Patapita nthawi yosakwana theka la ola, pansi panamveka kulira ngati m'mimba mwa ng'ombe, madzi akuda onse aja n'kuyamba kutsika. Amayi anaimba nthungululu.

Limenelo ndiye vuto la zinthu zoopsa, kawirikawiri zimagwira ntchito. Alamu anatsika pachitseko chija, ndipo pofika pakati pa anthu anali atasanduka ngwazi. Sindinafune kuti avulale. Kapena ndinene zoona, ndinafuna kuti makinawo awalume pang'ono, kungowatsina, kuti anthu aja adziwe kuti sindine wamisala. Sanawalume. Ndinakankha wilibala kubwerera kumudzi, ndipo kuyambira tsiku limenelo pa Nsipe anayamba kunditchula kuti a Tesita.

Mkazi wanga anandiikira chakudya. Nditasamba m'manja anati, "Mwawachititsa manyazi achimwene." Ndinamufotokozera zonse, za pulagi, za kabokosi, za kanyali ka tesita. Anamvetsera maso ali pansi, ndipo sanafunse funso ngakhale limodzi. Ndinaganiza kuti sakumvetsa za magetsi.

Patapita masiku atatu ndinaitanidwa kwa apongozi. Alamu anali atatumiza mawu kwa ankhoswe kuti ndawanyoza pagulu, ndipo ankafuna zinthu ziwiri. Choyamba ndipepese ndi nkhuku. Chachiwiri, poti mbiri yawo inali itamveka ndipo ena ayamba kuwaitana, ndivomere pamaso pa ankhoswe kuti kuyambira tsopano chingwe ndizigwira ine popanda zofunsafunsa.

Nkhoswe yanga ndi amalume anga. Anachokera ku Bwanje panjinga, malo otsetsereka akupalasa, zitunda akukankha, nkhuku itamangidwa pakaliyala. Atafika anapukuta thukuta n'kundikokera pambali. "Iwe, zimenezi tazimva. Ungopepesa. Uli pamudzi pa eni, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya." Ndinati nkhuku ndipereka, koma manja sindipereka.

Tinakhala pabwalo, patsinde pa mtengo wa mapichesi. Alamu anakhala pampando, ine ndi amalume pabenchi, mkazi wanga pamkeka chapatali. Apongozi anga, monga mwa ulemu wathu, sakhala pamaso pa mkamwini. Iwo anali kuseri kwa mpanda wa udzu wa kukhitchini, kumene ankamva zonse ife osawaona. Zaka zonse zimene ndakhala pamudzipo, mawu awo ndinkawamvera kuseri kwa chinthu.

Alamu anayamba, ndipo anatenga nthawi. Anabwerezanso za ku Joni. Anati ndinagwada pamaso pa anthu n'kumafufuza katundu wawo ngati wapolisi wa pachipata, anati ndinawasiya okha pantchito ya uve pamene iwo ndi mwini kampani. Kampani yake inali iwowo ndi bulangete.

Itafika nthawi yanga ndinati, "Ndikupepesa chifukwa cha malo amene ndinayankhulira. Zikanakhala bwino ndikanawaona makinawo kunyumba kuno, tili awiri, koma sindinapatsidwe mwayi umenewo. Zimene ndinanena zokha sindingazibweze. Mota ikatsegulidwe n'kukonzedwa, tiike pulagi ya mano atatu ndi kabokosi kena, tibwezeretse chopondera, tidule chingwe pamene chinawotchereredwa. Zikatero ndizigwira tsiku lililonse, ndi mtima wonse."

"Mwamva?" anatero alamu. "Akupepesa akunyozanso. Akuti ndikonze chinthu chimene anthu onse anachiona chikugwira ntchito."

Amalume anayamba kusalaza nkhani, mwa ukatswiri wawo wa unkhoswe, kuti mbali iyi ili ndi mfundo, mbali inayo ilinso ndi mfundo. Asanamalize, kuseri kwa mpanda kunamveka kutsokomola.

"Auzeni akamwiniwo," anatero apongozi, "kuti ine mtima ukundiwawa. Mwana wamwamuna ndili naye ndi mmodzi yekhayu. Chinthu chimenecho chidamuponya kale pansi, pabwalo pompano, sabata ija akamwiniwo adapita kukagwira ntchito cha ku Nzama. Adangochikhudza, n'kugwa chagada, maso kutembenuka. Tidachita kumuthira madzi kuti atsitsimuke. Dzanja lidakhala dzanzi masiku atatu."

"Amayi," anatero alamu. "Amayi, basi."

"Ndisiye ndinene! N'chifukwa chake tidakhala pansi n'kugwirizana kuti iyeyu asadzachigwirenso, azigwira ndi akamwiniwo. Ndiye iwo aona okha kuti chimaluma, n'kumusiyira mwana wanga? Akadafera pa Nsipe paja, akadandibwezera ndani?"

Mayi wachikulireyo sankadziwa kuti waulula kanthu. Ankadandaula moona mtima, ngati munthu amene anabwereka chikwanje kuti asunge chake, ndiye chobwerekacho chakana kudula. Alamu ankayang'ana majombo awo. Ine ndinayang'ana manja anga ali pamaondo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawaona mmene pakhomopo ankawaonera.

Amalume anaimirira pang'onopang'ono, anapita pamene panagona nkhuku ija, anainyamula, n'kuimangiranso pakaliyala.

"Mlandu watha," anatero, akuyang'ana kumpanda kuja. "Nkhukuyi ikubwerera ku Bwanje. Ife tinakupatsani mwana wathu kuti akhale mwamuna wa mwana wanu. Sitinadziwe kuti mukufuna thabwa lopondapo."

Kuyambira tsiku limenelo palibenso amene anandiuza kuti ndigwire makinawo. Alamu anayesa kupeza munthu wina pa Nsipe, koma nkhani za pabwalo la ankhoswe sizigona pabwalo pomwepo, ndipo aliyense ankapezeka kuti watanganidwa. Iwo eni sanawagwirenso. Makinawo ali m'chipinda chomwe chija mpaka lero, ndipo ndikumva kuti m'mgolo muja mumaikira nkhuku. Ine ndikutsegulabe mapaipi ndi ndodo, zala zonse khumi zilipo, ndipo ndi alamu timapatsana moni pamaliro ndi paukwati.

Zonsezo ndinazimeza. Chimene chinandikhala pakhosi ndi ulendo wobwerera kunyumba masana amenewo. Nditaperekeza amalume mpaka pamsewu, ndinapeza mkazi wanga akundidikirira panjira yodutsa m'minda ya mbatata. Tinayenda, iye patsogolo ine pambuyo. Mawu a apongozi akuti tidakhala pansi ankangozungulira m'mutu mwanga, chifukwa pakhomo paja anthu okhala pansi ndi owerengeka.

"Amayi," ndinatero, "tsiku limene achimwene anu anagwa, munalipo?"

Anayenda masitepe angapo. "Ndinalipo."

"Madzi anawathira ndani?"

"Ndine."

"Nanga pamene ankagwirizana zoti ndizigwira ine?"

Anaima, koma sanatembenuke. "Ndikanatani, abambo? Ndi achimwene anga, ndi amayi anga. Ndinkati poti inu munaphunzira, mwina mudziwa pogwira. Ndinakupemphererani. Kuyambira pamene munanyamuka ndi wilibala mpaka pamene munabwera, ndinali chogwada m'chipinda. Ngakhale madzi sindinamwe."

Ndikumukhulupirira. Mkazi wanga sanama pa za pemphero, ndipo ndikudziwa kuti anagwadadi mpaka maondo kupweteka, akuuza Mulungu zonse za makinawo, mmene anaponyera achimwene ake pansi, mmene akuopera kuti andipha. Koma Mulungu ankadziwa kale zimenezo. Amene sankadziwa ndine, ndipo m'mawa umenewo tinamwera tiyi limodzi.